Dzina la Schweinsteiger ndi keyala, osati nthabwala

Pali nthabwala ina yomwe yakhala ikuzungulira pakati pa okonda mpira kwa zaka zambiri tsopano, ndipo ine yanditopetsa. Amati Bastian Schweinsteiger, katswiri wosewera pakati uja wa Bayern Munich ndi timu ya dziko la Germany, dzina lake limatanthauza "wokwera nkhumba." Inamveka kwambiri mu 2015 pomwe mkuluyu ankapita ku Manchester United, ndipo mpaka pano imatulukirabe pa Facebook nthawi iliyonse yomwe chithunzi chake chaoneka. Munthu amangotenga dikishonale, n'kulidula dzinalo pawiri. Schwein, nkhumba. Steiger, wokwera. Basi, chikhakhali.

Kumasulira kumeneku n'kolakwika. Koma chomwe chimandiwawa si kulakwako ayi, chifukwa kuseka sikunaphepo munthu. Chimandiwawa n'chakuti woseka uja amaponda pa nkhani yokoma osaiona. M'zilembo 14 za dzinali muli malo enieni omwe mungathe kuwaloza ndi chala pamapu, muli mmene alimi a m'mapiri ankagawirana chuma, muli dzanja la wansembe ndi la wokhometsa msonkho. Maina otchuka ngati Müller sanganene zambiri chotere. Dzina losowa ndi lomwe limalankhula.

Tiyeni tipite kumene dzinali linachokera. Kum'mwera kwenikweni kwa Germany kuli chigawo cha Bavaria, ndipo kumapeto kwake, kumene mtsinje wa Inn umatuluka m'mapiri a Alps kuchokera ku Austria, kuli boma la Rosenheim. M'bomali muli Oberaudorf, mudzi wa anthu pafupifupi 5,000, woyandikana ndi malire kotero kuti tauni ya Kufstein ya ku Austria ili pafupi kuposa mzinda wa Rosenheim womwe. Bastian anabadwira ku Kolbermoor pa 1 Ogasiti 1984, koma anakulira ku Oberaudorf. Mpira anayambira konko, kenako anapita ku timu ya TSV 1860 Rosenheim, ndipo Bayern inamutenga mu 1998. Ali mwana ankathanso kwambiri masewera otsetsereka pa chipale chofewa, monga amachitira ana ambiri a m'mapiri amenewo.

Tsono m'dera la Oberaudorf lomwelo muli kamalo kotchedwa Schweinsteig. Si tauni, ndipo kukatchula kuti mudzi kungakhale kukakweza. Ndi malo ngati omwe ali mbwee m'mapiri a kumeneko: nyumba yaikulu ya mlimi yokhala ndi khonde lamatabwa m'mwamba, khola ndi nkhokwe ya udzu wouma, dambo la msipu lotsetsereka, nkhalango kuseri, ndipo oyandikana nawo ali kutsidya kwa chitunda. Chakumpoto pang'ono, ku Brannenburg, kulinso kamalo kena ka dzina lomweli. Zilembo ziwiri zomaliza, -er, m'Chijeremani zimagwira ntchito yomwe ife timagwiritsa "wa ku." Wa ku Berlin ndi Berliner, wa ku Hamburg ndi Hamburger. Ndiye wa ku Schweinsteig ndi Schweinsteiger. Palibe amene anakwera chilichonse.

Nanga Schweinsteig weniweniyo n'chiyani? M'Chijeremani chakale, chomwe chinkalankhulidwa kuyambira cha m'ma 1050 kufika cha m'ma 1350, munali mawu oti stige, otanthauza khola la ziweto zing'onozing'ono. Mawuwa sanafe. Ku Bavaria ndi ku Austria mpaka lero khola la nkhuku amalitcha Hühnersteige. Akatswiri a maina amati Schweinsteig ndi khola la nkhumba, kapena tinene kuti malo omwe ankadziwika ndi khola lotero. Palinso mawu ena ofanana nawo, Steig, otanthauza kanjira kokwera phiri, ndipo ena amawerenga dzina la malowa ngati kanjira ka nkhumba. Kaya khola kaya kanjira, mfundo ndi imodzi: dzinali limanena za malo, silinena za khalidwe la munthu.

Wina anena kuti, "Ndiye mwakonza chiyani? Wa ku khola la nkhumba ndi wokwera nkhumba, zonse n'zochititsa manyazi." Pamenepo ndi pomwe tikuyeza anthu akale ndi mulingo wathu. Kwa mlimi wa ku Germany wa zaka 600 zapitazo, nkhumba inali banki. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ankazitengera kunkhalango kuti zikanenepe ndi mbewu zogwa m'mitengo ya oak, ndipo ufulu wodyetsa nkhumba m'nkhalango unali nkhani yolembedwa m'mapangano ndi yolipirira kwa eni nthaka. Chisanu chikayandikira ankapha, n'kuthira nyamayo mchere kapena kuiwamba pautsi, ndipo banja linkadutsa miyezi yozizira ndi nyama ndi mafuta amenewo. Pakhomo pomwe panali khola lodziwika mpaka kupatsa malo dzina, sipanali pa amphawi. Mpaka lero Mjeremani akachita mwayi amati Schwein gehabt, ngati kunena kuti wapata nkhumba, ndipo pa chaka chatsopano amapatsana tinkhumba ta switi pofunirana mafuno abwino. Inde, mawu omwewo a Schwein amatukwaniranso. Chinenero chilichonse chili ndi nyama yomwe chimaidya ndi kuinyoza nthawi imodzi.

Ndipo ife tisaseke kwambiri. Kuno kwathu ndi ku Zambia tili ndi a Ngulube ndi a Nguluwe, anthu aulemu wawo, ena aphunzitsi, ena abusa, ndipo palibe amene amaganiza za nyama yofukula chinangwa akamawapatsa moni. Dzina likakhala pa munthu zaka zambiri limasiya kumveka ngati mawu wamba, limangomveka munthuyo. Anyani sasekana zikundu.

Kuti timvetse chifukwa chomwe keyala inasandukira dzina la banja, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Kale Ajeremani anali ndi dzina limodzi lokha. Maina a mabanja anayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1100 m'mizinda ikuluikulu ya kumadzulo ndi kum'mwera monga Cologne, ndipo anafalikira pang'onopang'ono, kuyambira kwa olemera kupita kwa osauka, kuchokera m'tauni kupita kumudzi. Chinawakakamiza n'chakuti maina oyamba anali ochepa. Anyamata ankangotchedwa Johannes, Heinrich, Konrad, mobwerezabwereza, moti mpaka pano Ajeremani akafuna kunena kuti "wina aliyense" amati Hinz und Kunz, omwe ndi maina achidule a Heinrich ndi Konrad. Tsono kalaliki wolemba msonkho, kapena wolemba za cholowa cha munda, akakumana ndi a Hans asanu m'mudzi umodzi, ankayenera kuwasiyanitsa. Ankawonjezera kena kake: ntchito ya munthuyo, dzina la bambo ake, maonekedwe ake, pomwe nyumba yake ili, kapena kumene anachokera. Mawu owonjezerawo anayamba kupita kwa ana, ngakhale ana omwe sankagwira ntchito ya bambo awo, ndipo akafika pamenepo anali atasanduka dzina la banja.

Mbiri yonseyi inatuluka m'bwalo la Maracanã pa 13 Julayi 2014, pa masewero omaliza a chikho cha dziko lonse, itavala jezi zoyera za Germany. Taonani maina a anyamata omwe anagonjetsa Argentina tsiku limenelo. Thomas Müller ndi mdzukulu wa munthu wa chigayo, ndipo Christoph Kramer, yemwe anatuluka msanga atagundidwa m'mutu, kholo lake linali ndi kasitolo. Klose ndi chidule cha Nikolaus monga amachitchulira ku Silesia, dera lomwe lero lili ku Poland komwe Miroslav anabadwira. Götze, yemwe anagoletsa chigoli chokhacho pa mphindi ya 113, ndi chidule cha Gottfried. Goloboyi Neuer ndi "watsopano," dzina lomwe ankapatsa munthu wobwera kumene pamudzi. Mertesacker ndi munda wa Martin. Ndipo pambali pawo panali Boateng, dzina la ku Ghana, ndi Özil, la ku Turkey, chizindikiro chakuti kaundula wa maina a ku Germany sanatsekedwe m'ma 1500.

Koma dzina ngati Schweinsteiger silikanabadwira pena paliponse. Linafunika dziko lokhala ngati kum'mwera kwa Bavaria ndi Tyrol, kumene alimi ambiri sankakhala m'midzi yothithikana koma m'mafamu apaokhapaokha omwazikana m'zitunda. Famu iliyonse inali ndi dzina lake, ndipo dzinalo linali la nthaka, osati la mwini wake. Mkamwini akakwatira mwana wamkazi wa pafamupo n'kukhala pomwepo, anthu ankamuitana ndi dzina la famuyo, lake n'kuiwalika. Famu ikagulitsidwa, wogulayo ankagula ndi dzina lomwe. Mwambo umenewu ukadalipo: m'midzi ya ku Bavaria mukafunsa munthu pogwiritsa dzina la pa chiphaso chake anthu akhoza kukuyang'anani modabwa, koma mukatchula dzina la pakhomo akulozerani njira nthawi yomweyo. N'chifukwa chake derali ladzaza ndi maina othera ndi -er omwe amajambula nthaka: Gruber wa pa chidikha, Moser wa kudambo, Berger wa kuphiri. Schwarzenegger, wa mafilimu uja yemwe anadzakhala bwanamkubwa wa California, ndi wa ku Schwarzenegg, chitunda chakuda.

Palinso nkhani ya cholowa. M'madera ambiri a Bavaria wakale famu sinkagawidwa. Mwana mmodzi ankatenga yonse, ena ankapatsidwa kangachepe n'kuchoka. Ena ankakakwatira pa mafamu ena, ena ankakhala antchito a kwa eni, ena ankatsikira kuchigwa kukaphunzira ntchito zamanja. Mnyamata wotero akafika kwina anthu ankafunsa kuti ndi wa kuti. Wa ku Schweinsteig. Ndiye dzina la malo aang'ono kwambiri linkayenda pa mapazi a ana omwe sanalandire munda. Ndikaganiza za dzinali, sindiona mlimi wolemera yekha wa pakhomo paja. Ndimaonanso mng'ono wake akutsika phiri ndi kamtolo ka zovala, atatenga chinthu chimodzi chokha chomwe mkulu wake sakanam'mana.

Kodi alipo angati lero? Ajeremani ali ndi njira yosangalatsa yowerengera maina. Ku Mainz kuli bungwe la akatswiri a sayansi ndi zolembalemba lomwe kuyambira mu 2012 lakhala likukonza dikishonale ya pa intaneti ya maina a mabanja, yotchedwa Digitales Familiennamenwörterbuch Deutschlands. Maziko ake ndi mndandanda wa mafoni a m'nyumba wa chaka cha 2005, womwe unali ndi manambala pafupifupi 28 miliyoni. M'menemo anapezamo maina osiyanasiyana pafupifupi 850,000, ndipo dikishonaleyo ikufuna kufotokoza aliwonse omwe ali ndi manambala 10 kapena kuposa, omwe ndi maina pafupifupi 200,000. Taganizani: maina atatu mwa anayi aliwonse ku Germany ndi osowa kwambiri moti safika ngakhale mafoni 10. Mndandanda womwewo ndi umene Konrad Kunze ndi Damaris Nübling anagwiritsa pokonza mabuku a mapu a maina otchedwa Deutscher Familiennamenatlas.

Pamwamba pa onse pali Müller, wokhala ndi manambala oposa 250,000, omwe akuimira anthu pafupifupi 700,000. Pambuyo pake pamabwera Schmidt wosula zitsulo, Schneider telala, Fischer msodzi, Weber woomba nsalu. Bwalo la Bayern, Allianz Arena, limalowa anthu 75,000. A Müller angalidzaze kasanu ndi kanayi. A Schweinsteiger onse a m'dzikomo sangadzaze ngakhale ngodya imodzi. Ndipo mukaika madontho awo pamapu, amaunjikana kum'mwera kwa Bavaria, mozungulira Rosenheim, pafupi ndi malo omwe dzinalo linabadwira.

Apa ndi pomwe pagona mfundo yanga. Midzi yambiri ya ku Germany inali ndi chigayo, choncho a Müller anaphuka m'malo zikwizikwi nthawi imodzi, osadziwana, opanda ubale. Müller wa ku Hamburg akakumana ndi Müller wa ku Munich, dzina lawo siliwauza chilichonse kupatula kuti makolo awo ankadya buledi. Koma a Schweinsteiger awiri akakumana, angathe kukhala pansi n'kuyamba kufunsana za agogo, ndipo mwayi ulipo waukulu woti makaundula a tchalitchi awafikitsa m'chigwa chimodzi. Makaundulawo alipo, chifukwa msonkhano wa Akatolika wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo ndi maukwati, ndipo Bavaria ndi dziko la Chikatolika. Dzina losowa lili ngati ulusi umodzi womwe mungautsate osasokonezeka. Madontho ounjikana aja akutiuzanso chinthu china chomwe mabuku a mbiri sakonda kunena: kuti pa zaka mazanamazana za nkhondo, miliri, sitima za pamtunda ndi mafakitale, mabanja ambiri wamba sanapite kutali. Anasuntha zigwa ziwiri kapena zitatu, basi.

Tsono ndisakometse zinthu mopitirira. Maina amenewa anasungika chifukwa boma linawaumitsa, ndipo boma silinachite zimenezo pokonda mbiri. Ku Bavaria wolamulira Ferdinand Maria analetsa anthu kusintha maina mwachisawawa mu 1677. Wolamulira amafuna kudziwa yemwe ali ndi ngongole ya msonkho ndi yemwe wathawa usilikali. Kuyambira mu 1876 ntchito yolemba obadwa, okwatirana ndi omwalira m'dziko lonse la Germany inapita m'manja mwa maofesi a boma, ndipo kalembedwe ka dzina lililonse kanakhazikika monga kanalili pa nthawiyo, ndi zolakwika zake zomwe. Ayuda, omwe ambiri ankadziwika ndi dzina lawo ndi la bambo awo, anakakamizidwa kutenga maina okhazikika: ku Austria mu 1787, ku Prussia mu 1812, ku Bavaria mu 1813. Ndipo mphamvu yomweyo ya boma pa dzina la munthu inadzaonetsa mano ake mu 1938. M'Januwale chaka chimenecho boma la Nazi linakhazikitsa lamulo la kasinthidwe ka maina, ndipo pa 17 Ogasiti linagwiritsa lamulolo kulamula kuti Myuda wamwamuna aliyense yemwe dzina lake silinali pa mndandanda wa maina "achiyuda" awonjezere Israel, wamkazi awonjezere Sara. Dzina linasanduka chidindo chozindikirira woti aphedwe. Lamulo la mu Januwale lija, litakonzedwa apa ndi apo, ndi lomwe likugwirabe ntchito, ndipo limati munthu angasinthe dzina la banja pokhapokha pali chifukwa chachikulu. Dzina lochititsa manyazi kapena losekedwa limawerengedwa ngati chifukwa chotero.

Choncho munthu wotchedwa Schweinsteiger, akanakhala kuti dzinalo likumulemera, khomo lopempha kusintha linalipo. Ine sindingaweruze munthu yemwe watopa ndi kusekedwa kusukulu n'kusankha dzina wamba ngati Huber. Dzina ndi la mwini wake, si la akatswiri a ku Mainz kapena la ine wolemba nkhani. Koma ndimalemekeza kwambiri omwe amalisenza osapepesa.

Bastian mwiniwakeyo nkhondo yake sinali ndi dzina lalitalilo koma ndi chidule chake. Cha m'ma 2005 ndi 2006, ali mnyamata wa tsitsi losinthasintha, dziko lonse la Germany linkamutcha Schweini, kankhumba, ndipo iye ndi Lukas Podolski anali "Schweini ndi Poldi," ana okondedwa a chikho cha dziko lonse chomwe chinachitikira kwawo. Ku China okonda mpira anamupatsa dzina lotanthauza chimodzimodzi, kankhumba. Atakula ananena poyera kuti dzina la Schweini lamukwana. Koma wina wogulitsa nyama atalembetsa "Schweini" ngati chizindikiro cha malonda a masoseji, Bastian anapita kukhoti, ndipo mu 2007 bwalo la milandu ku Munich linagamula mokomera iye. Linati ngakhale dzina losereula, ngati anthu onse akudziwa kuti limanena za ndani, limatetezedwa ndi lamulo ngati dzina lenileni. Ena anaona ngati zoseketsa kuti munthu akumenyera dzina lomwe salikonda. Ine ndikuona kuti khotilo linalondola. Kulikonda kapena kusalikonda ndi nkhani ya mwini. Chomwe sichiloledwa n'chakuti wina adyerepo.

Kunoko dzinali linkatipinda lilime. Usiku wa 19 Meyi 2012, m'chinyumba cha vidiyo cha malata chomwe ndinkaonerako mpira, jenereta ikulira kuseri, mabenchi atadzaza ndi a Chelsea, palibe anthu awiri omwe ankalitchula mofanana. Wina "Shwansitaiga," wina "Swaini," ndipo bambo wina wachikulire yemwe anakhala kutsogolo kwanga anangogonja n'kumati "wa 31 uja." Anali masewero omaliza a chikho cha matimu a ku Ulaya, pakati pa Bayern ndi Chelsea, ndipo anathera 1-1, Müller atagoletsa ndipo Drogba atabweza kutatsala mphindi ziwiri. Pa mapenate, wa 31 uja anathamanga, n'kuima pang'ono, n'kumenya. Mpira unagunda chitsulo. Anakoka jezi n'kuphimba nkhope, pabwalo la kwawo, pamaso pa anthu a kwawo. Drogba anamaliza ntchito, ndipo malata a chinyumbacho anatsala pang'ono kuuluka. Katchulidwe koyenera, kwa amene akufuna, kali pafupi ndi "Shvain-shtaiga."

Chaka chotsatira anatenga chikho chomwecho ku Wembley, Bayern itagonjetsa Borussia Dortmund 2-1. Ndipo ku Maracanã, mu nthawi yowonjezera, dzanja la Sergio Agüero linamung'amba pansi pa diso. Anagona kunja kwa mzere, madokotala akumutseka bala, miyendo ikunjenjemera ndi ululu, magazi akutsikira patsaya, kenako anadzuka n'kubwerera m'bwalo. Anasewerera dziko lake masewero 121, anatenga ligi ya Germany kasanu ndi katatu, ndipo anapachika nsapato mu 2019 ali ku Chicago Fire. Sindikunena kuti dzina ndi lomwe linamupatsa mtima umenewo. Dzina silisewera mpira, ndipo mkulu wake Tobias, wa dzina lomwelo, anathera m'matimu a m'munsi asanakhale mphunzitsi wa mpira. Ndikungonena kuti kamalo ka m'phiri komwe anthu a ku Munich enieniwo sankakadziwa kanatchulidwa ndi owulutsa mawu m'zinenero zonse za dziko lapansi, ndipo ambiri mwa otchulawo sankadziwa kuti akutchula malo.

Kutchuka sikuchulukitsa dzina. Dzina limachuluka ndi ana, ndipo limatha banja likakhala lopanda woti alipitirize. Kwa zaka mazanamazana, "wolipitiriza" ankatanthauza mwana wamwamuna, chifukwa mkazi akakwatiwa ankataya dzina lake. Maina ambiri osowa anafera pa guwa la ukwati mwanjira imeneyi, mwakachetechete, mwana wamkazi womaliza akusaina dzina la mwamuna wake. Ku West Germany zinayamba kusintha mu 1976, pomwe banja linaloledwa kusankha dzina la mkazi. Mu 1991 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana lamulo loti pakakhala kusagwirizana dzina la mwamuna ndi lomwe lipambane, ndipo kuyambira mu 1994 aliyense angathe kusunga dzina lake. Ngakhale zili choncho, mabanja ambiri amasankhabe dzina la mwamuna. Ine ndikanakhala mlangizi wa maukwati kumeneko, ndikanati pamene Müller akukwatira mkazi wa dzina losowa, nkhani isakhale yoti mwamuna ndani. A Müller 700,000 sangamve kuchepa akachoka mmodzi.

Chinanso chomwe chikutha ndi chida chowerengera chija. Mndandanda wa mafoni wa 2005 unali wabwino chifukwa pa nthawiyo nyumba zambiri zinali ndi foni ya pa khoma ndipo nambala yake inkalembedwa m'buku. Lero anthu ali ndi mafoni a m'manja ndipo ambiri safuna kuti maina awo alembedwe paliponse, zomwe ndi ufulu wawo. Choncho mapu a maina omwe akatswiri ali nawo ndi chithunzi cha Germany wa mu 2005, ndipo chithunzi china chonga chimenecho n'chovuta kuchijambulanso.

Pa 1 Meyi 2025 lamulo latsopano la maina linayamba kugwira ntchito ku Germany. Tsopano mwamuna ndi mkazi angathe kuphatikiza maina awo kukhala dzina limodzi la banja, ndipo ana angathenso kulitenga, chinthu chomwe kale sichinkaloledwa. Lamuloli linatsegulanso khomo kwa anthu a mitundu ing'onoing'ono ya m'dzikomo, monga a Sorb ndi a Frisia, kuti azitsata miyambo yawo ya maina. Ndikuliyamikira, chifukwa likupereka mpata woti dzina la mayi lisafere pa tsiku la ukwati. Koma lili ndi malire ake: maina ophatikizidwa sangapitirire awiri. Mwana wa maina awiri akadzakwatirana ndi mnzake wa maina awiri, aliyense adzayenera kusiya limodzi kuti apange dzina la banja lawo. Ndiye vutoli silinathe, langokankhidwira ku m'badwo wotsatira. Tayerekezani mtsikana wotchedwa Müller-Schweinsteiger, yemwe wakhala moyo wake wonse akutchula dzina lake chilembo chimodzichimodzi pa foni, akulemba m'mafomu omwe timabokosi take timatha dzina lisanathe. Tsiku lomwe adzauzidwe kuti asankhe limodzi, ndikuopa kuti ndikudziwa kale lomwe adzalisiye.